Nsomba Zimene Ndinaziphunzitsa Kumva Khasu

Ntchito ya ku kampu inandipeza ndili pa njinga. Masiku amenewo ndinkapalasa kabaza pa Liwonde, kuchoka pa depoti kupita kulikonse kumene munthu wanena. Kwathu ndi ku Utale, koma ndinakwatira tsidya lino la Shire, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa mapiri a Mongolowe, kumene ndinali mkamwini. Amene sanakhalepo pa chikamwini adziwe kuti munda umene umalima si wako, nyumba imene wamanga si yako, ngakhale mawu ako amakhala ngati obwereka. Mkazi wanga Asiyatu anali ndi mwana kumsana, ndipo ine ndinkalakalaka ntchito yoti anthu a pamudzipo ayambe kunditchula dzina langa, Fabiano, m'malo mongoti "mwamuna wa Asiyatu uja".

Tsiku lina masana munatsika bambo wina mu minibasi ya ku Zomba, atanyamula chipaipi chachitali chotseka mbali zonse. Anzanga a kabaza anachikana, ati chithyola masipoko. Ine ndinachimanga ndi mphira m'litali mwa njinga, bamboyo n'kukhala pa kaliyala. Atatchula kumene ankapita ndinaseka, chifukwa kunali kumtunda kwa mudzi umene ndinkagona. M'njira anandiuza kuti dzina lawo ndi a Maganga, kapitawo wa kampu yaing'ono ya alendo imene mayi wina wa ku Blantyre anali atangotsegula m'mbali mwa kamtsinje ka Nachanje. M'chipaipimo munali ndodo zowedzera. Anandifunsa ngati ndimasambira, ndiponso ngati Chingerezi ndimachimva. Kusambira ndinaphunzirira mu Rivirivi ndili mwana, ndipo Chingerezi changa chinali cha Folomu 2, chongokwanira kulonjera ndi kupepesa.

"Mubwere Lolemba," anatero potsika. "Njingayo mukaisiye kunyumba. Kunoko n'kwa miyendo."

Kampuyo inali matenti ochepa pansi pa mikuyu, khitchini ya udzu, ndi bafa la mpanda wa bango. Anandipatsa jombo, chikwanje, chitchetcho ndi chikwama cha kumsana. Ntchito yoyamba inali kulambula njira ya kuphiri: kudula nthambi zopingasa, kuika miyala poterera, ndi kuzula chitedze chisanakhwime, chifukwa mlendo akangoyabwidwa ndi chitedze ulendo umathera pomwepo. Kenako ndinayamba kutsogolera alendo. Tinkanyamuka dzuwa lisanatenthe, ine patsogolo ndi madzi akumwa ndi kabokosi ka mankhwala, kugogoda udzu ndi ndodo kuti njoka zipatuke. Pamwamba pali thanthwe loti ukaimapo umaona Shire atagona, mlatho wa pa Liwonde, njanji yopita ku Nayuchi, ndi chigwa chonse cha Balaka chili mbuu. Alendo ankangoti kukamwa yasa, n'kumajambula. Ine poyamba sindinkamvetsa kuti munthu wokhuta angachoke kutali kudzafuna kutopa. Phiri limene apongozi anga ankalikwera ndi mkwiyo pokatola nkhuni, anthu awa ankalikwera akuseka.

Koma chimene chinkakoka alendo enieni chinali dziwe la Mbiya. Mtsinje ukamatsika m'phirimo umagwera pa mwala n'kupanga dziwe lakuya, lopapatiza kukamwa, lotambalala m'mimba, ndipo siliphwa ngakhale m'chilimwe chowawa. Munali makumba, milamba ndi ngumbo zikuluzikulu zimene zinkakwera kuchokera ku Shire nthawi ya madzi ambiri n'kutsalira mmenemo. Mwini kampu anagwirizana ndi anthu a m'mudzi kuti dziwe limenelo lisiyidwire alendo, iye n'kuwakonzera mjigo umene unali utafa kalekale. Panganolo linali la pakamwa, ndipo anthu anaomba m'manja chifukwa chaka chimenecho m'nkhokwe munali chimanga.

A Maganga anandiphunzitsa kuwedza kwa alendo, kumene sikufanana ndi kwathu kwa bango ndi ulusi. Ndodo imalumikizidwa zidutswa, ndipo mphete zake ziyenera kuyang'anana. Kumunsi kwake kuli kagudumu kokulungira chingwe, kotchedwa rilu, ndipo uyenera kukamasula pang'ono kuti nsomba ikakoka chingwe chizituluka, chisaduke. Umamanga mbedza, kamtovu pamwamba pake, kenako choyandama. Nyambo inali nyongolotsi, ngumbi nthawi yake, kapena ufa wokanda. Zonsezi ndinazigwira msanga. Chimene chinandivuta chinali lamulo lotsiriza. A Maganga anatenga pulayala n'kuphwanya kamnga kam'kati mwa mbedza, kaja kamene kamaletsa nsomba kupulumuka.

"Kuno nsomba sitipha," anatero. "Mlendo akakola, inu muilandire mu kaukonde, munyowetse manja musanaigwire, muchotse mbedza, ajambule, muibwezere. Muigwire m'madzimo mpaka ipalase yokha."

Ndinawayang'ana kuti mwina akuseka, koma sankaseka. Nditakafotokoza kunyumba, Asiyatu anaseka mpaka mwana anadzuka. Nkhani inayenda mudzi wonse kuti mkamwini wa kwa Abiti Amidu walembedwa ntchito yopepesa nsomba.

Abiti Amidu ndiwo apongozi anga aakazi. Mwa mwambo wa kumeneko, ine ndi iwo sitinkayang'anana kumaso, sitinkadyera pamodzi, ndipo tikakumana pa njira ine ndinkapatukira m'tchire mpaka adutse. Akakhala ndi mawu kwa ine ankatuma Asiyatu. Ndinali nditakhala pakhomo pawo nthawi yaitali, koma mawu awo ndinkawamva akulankhula ndi ena okhaokha.

Vuto la nsomba n'lakuti sizidziwa kuti mlendo wachokera kutali. Masiku ena alendo ankakhala padzuwa mpaka kupsa makosi, choyandama chili phee, n'kubwerera atakwinya nkhope. Ndiye a Maganga anaganiza nzeru. Anapeza khasu lakutha lopanda mpini, n'kundiuza kuti m'mawa uliwonse ndizilitsamiritsa pa mwala wa m'mphepete, theka m'madzi, ndiziligogoda ndi kamwala, kenako ndiziponya gaga wonyowetsa, woumba timibulu. Malo omwewo, kugogoda komweko, tsiku ndi tsiku. Masabata oyamba ndinkaoneka ngati wozungulira mutu. Kenako makumba anayamba kubwera, milamba inatsatira, ndipo pomalizira ngumbo. Patapita miyezi, ndikangogogoda, madzi onse ankabwata. Zinkadza mpaka pa mapazi anga, misana ili poyera. Panali ngumbo ina yaikulu, yotalika ngati mkono wanga, yong'ambika chipsepse cha kumchira, imene tinkaitcha Mdukamchira. Inkabwera mochedwa, mosathamanga, zinzake n'kuipatsa njira.

Ndinene mosabisa, nsomba zimenezo ndinazikonda. M'mudzi monse munalibe chinthu chimene chinkabwera ine ndikaitana, ngakhale galu wa pakhomo ankamvera mlamu wanga. Koma pa Mbiya ndinali munthu. Alendo anachuluka pang'ono, ena ankabweranso kudzafuna Mdukamchira, ndipo ine ndinamuchotsa mbedza kukamwa kangapo konse, n'kumugwira m'madzi mpaka atapalasa. Ndinayamba kuganiza zogula malata.

Chaka chotsatira mvula inadula chimanga chisanamasule. Ku Utale abale anga sanakolole kanthu, ndipo kuno kwa akazi anga tinangotola tizitsononkho. Pofika mwezi wa Okutobala anthu anali akuphika mango aawisi. Azimayi anayamba kukwera phiri kukathyola chitedze, chomwe chija ndinkazula m'njira ya alendo, kuti aziphika nthanga zake tsiku lonse, kutaya madzi, kuphikanso. Gaga, amene kale tinkapatsa nkhuku, anasanduka chakudya cha anthu, ndipo pa chigayo ankachita kulimbirana. Malipiro anga ankalowa m'nyumba zonse za mbumba ya apongozi, n'kutha mwezi usanapite patali. Alendo nawonso anachepa, poti mafuta a galimoto ankasowa.

Koma nsomba zinkadyabe. A Maganga ankagula gaga ku Liwonde, galimoto n'kumutsitsa pa msewu, ndipo wosenza thumbalo kudutsa nalo pakati pa mudzi ndinali ine. Sindinayendepo ulendo wautali ngati umenewo. Anthu ankasiya kulankhula, maso onse ali pa thumba. Palibe amene anandinyoza, ndipo bola akanandinyoza. Tsiku lina Asiyatu anandiuza, maso ali pansi, "Amayi akufunsa ngati nsomba zanu zija zakhuta."

Ndinakawapempha a Maganga kuti tisiye kaye kudyetsa mpaka mvula igwe. Sanali munthu woipa, nawonso kwawo kunali njala. Anapukusa mutu. "Tikasiya, nsomba ziiwala. Zikaiwala, alendo asiya. Alendo akasiya, inu mubwerera ku kabaza, ine sindikudziwa kumene ndipite."

Kenako kunabwera uthenga woti mwini kampu akubwera ndi anthu a kampani ina yotumiza alendo. Anthuwo akakondwa, azititumizira magulu chaka chonse. Akapanda kukondwa, mayiyo anali atanena kale kuti watopa kuthira madzi m'dengu, atseka. Tinachapa matenti, tinalambula njira mpaka pamwamba, ndinapukuta ndodo zonse n'kusintha zingwe. A Maganga analamula kuti masiku angapo tsikulo lisanafike nsomba zisalawe gaga, kuti zidzabwere ndi njala alendo akuona. Khasu lija ndinalichotsa pa mwala n'kuliika m'chikwama changa.

Tsikulo tinayamba ndi phiri. Kunali koyera bwino, Shire akuoneka mpaka kutali, ndipo alendo anakondwa. Panali mzungu mmodzi wachikulire ndi anthu awiri a ku Lilongwe, mwamuna ndi mkazi, pamodzi ndi mwini kampu ndi a Maganga. Potsika tinatenga njira yodzera ku Mbiya, dzuwa litakwera ndithu. Ine ndinali patsogolo, ndodo zili paphewa, mtima uli m'malo. Titayandikira ndinamva khasu likulira kumadzi. Kugogoda kwake kunali kwanga kwenikweni, kufulumira kwake, popumira pake. Ndinagwira chikwama, khasu langa linali momwemo.

Ndinathamanga. Njirayo imakhota pa chimwala chachikulu, ndipo ukangochizungulira dziwe lili poyera. Ndisanazungulire ndinaona zitenje ndi mabulauzi zitayanikidwa pa zitsamba, dala, poonekera. Miyendo inaima yokha. Aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti mwamuna satulukira pa madzi pamene azimayi avula. Umaima patali n'kupempha njira, ndipo akakana umadikira.

"Zikomo kumadziko!" ndinakuwa.

Khasu linasiya. Kenako kunayankha mawu amene ndinkawadziwa bwino ngakhale anali asanalunjikepo kwa ine.

"Iyayi! Kuli azimayi kuno, tavula. Muime pompo, Che Fabiano."

Anali apongozi anga. Kanali koyamba kundilankhula, koyambanso kutchula dzina langa, dzina limene ndinkalakalaka kulimva pakamwa pawo. Ndinatembenuka n'kuwapatsa msana, monga mwambo ufunira, ndipo khasu linayambanso kulira.

A Maganga anafika ali wefuwefu. Atamva phokoso la madzi anazindikira. "Pitani mukawaletse! Mukuima chiyani?"

"Bwana, kuli apongozi anga. Avula."

A Maganga nawonso ndi mwana wa kuno, mwambowo amaudziwa. Anayenda mpaka pa ngodya ya mwala, anaona zitenje zija, n'kubwerera. Anayesa kukalipa ali kuseri kwa mwala, kutchula pangano, kutchula apolisi, koma mawu awo ankangomira mu phokoso la madzi ndi mfuu ya azimayi akuuzana kuti tsekani uko, kokani kuno. Mzungu uja anandifunsa chimene chikuchitika. Chingerezi changa chinathawa, ndinangopepesa. Bambo wa ku Lilongwe anatulutsa foni kuti akajambule, ine ndinamuimira kutsogolo. Tangoganizani, ndinali kulondera anthu amene ankandiphera ntchito.

Mwini kampu, poti ndi mzimayi, ndiye anazungulira mwala. Ndinamumva akufuula kuti, "Amayi, tinagwirizana chiyani? Mjigo uja anakonza ndani?" Apongozi anga anayankha mosakweza mawu.

"Mjigo munakonza ndinu, mayi, ndipo tikuthokoza. Madziwo tamwa. Sakukhutitsa."

Mwini kampu anabwerera nsapato zili zonyowa, n'kukhala pa mwala, manja ali m'mutu. Pambuyo pake anatiuza zimene anaona. Azimayi anali atasoka pamodzi maneti a udzudzu, ena atatseka kukamwa kwa dziwe, ena atazungulira mwala wanga uja. Nsomba zimene kale zinkathawira pansi pakuya pamene munthu safika, tsikulo zinabwera zokha pamalo osaya, zanjala, zikukankhana. Sanavutike n'kuzisaka.

Ine ndinaimabe choyang'ana mwala. Ndimakumbukira nyerere zimene zinkayenda mu mng'alu wake, chifukwa ndi zokhazo zimene ndinaloledwa kuona. Kumbuyo kwanga ndinkamva nsomba zikuphiriphitha m'mabeseni. Ndinali ndi mkwiyo woti ndikanaluma mwalawo, koma sindinkadziwa woti ndimukwiyire. Pakati pa mawu a azimayiwo ndinamvanso a Asiyatu.

Atatha anavala n'kukuwa kuti tipatuke adutse. Ndinalowa m'tchire. Anadutsa pa mzere, mabeseni ali pamutu, osayang'ana aliyense. Apongozi anali pambuyo. Atapitirira ndinadzutsa maso, ndipo pa beseni lawo panali polendewera mchira wong'ambika.

A Maganga anandiuzabe kuti ndigogode khasu, alendo aone. Ndinagogoda mpaka dzanja linachita dzanzi. Madzi anali matope okhaokha, gaga ankangoyandama, ndipo kunabwera timatemba tochepa. Alendo anali aulemu. Anadya chamasana, anayamikira phiri, anakwera galimoto. Mayi wa ku Lilongwe anandigwira dzanja n'kunena kuti pepani, ngati pamaliro. Atachoka, a Maganga anandifunsa ngati ndine ndinawaphunzitsa azimayiwo kugogodako. Ndinawauza kuti khasu limamveka mpaka kumudzi, ndipo linakhala likulira m'mawa uliwonse anthu ali ndi njala, akumvetsera. Azimayiwo sanafunikire mphunzitsi.

Ndinafika kunyumba dzuwa likupendeka. Mudzi wonse unkanunkhira nsomba. Ana amene masabata onsewo ankangogona pa mikeka anali kuthamangitsana. Mwana wanga anali pansi, masaya ali noninoni ndi mafuta, akuyamwa chala. Asiyatu anabwera ndi mbale yovundikira, anagwada, n'kuiika patsogolo panga. Maso ake anali ofiira. Munali mutu wa ngumbo, waukulu, wodzaza mbale.

"Amayi akuti mutuwu ndi wanu," anatero, "poti munaiweta ndinu."

Sikunali kunyoza. Mutu amapatsa munthu wolemekezeka. Pa mlomo wake panali timabowo ta mbedza zimene ndinazichotsa ndekha. Ndinakhala nthawi ndikuuyang'ana, kenako ndinasamba m'manja. Ndinali ndi njala ngati wina aliyense. Ndinadya mpaka mafupa, ndipo unali wokoma, chimene chimandipweteka mpaka lero.

Nsombazo zinagwira mudzi masiku owerengeka, njala n'kubwerera pamalo pake. Kampu inatsekedwa mvula isanagwe. Tinapinda matenti, ndinamasula ndodo n'kuzilowetsa m'chipaipi chija, ndipo ndinachinyamula pa njinga kukachisiya pa depoti pamene ndinachitenga. A Maganga ndinamva kuti ali ku Nayuchi, akuthandiza kutsitsa katundu. Mikuyu ya pa kampu inapita ndi owotcha makala, ndipo mchenga wotsika m'phiri wakwirira Mbiya mpaka mwana amawoloka osanyowetsa kabudula. Apongozi anabwerera ku mwambo wawo. Sanandilankhulenso, ndipo dzina langa ndinalimva pakamwa pawo tsiku limodzi lomwelo.

Anthu amene amafunsa za ntchito yoyendetsa alendo ndimawauza za zingwe, za nyambo, za kunyowetsa manja. Zimenezo n'zosavuta. Chimene ndinatsala nacho ine n'chakuti chinthu chimene sungathe kuchiteteza usachizoloweze kubwera ukachiitana. Nsomba zija zikanakhala zamantha monga zinabadwira, zambiri zikanapulumuka.

Ndili pa kabaza mpaka pano, ndipo masiku ambiri ndimabwerera chimanjamanja. Mwana wanga anazolowera kuti akamva belu la njinga amathamangira ku msewu, manja ali m'mwamba, kudikira kuti mwina bambo abweretsa kanthu. Ndinasiya kuliza belu ndikamalowa m'mudzi.